Nyanga za pa handulo ya njinga yanga: ndizichotse kapena ndizisiye?

Uthenga uwu wachokera kwa mnyamata wina wa ku Kapata, muno mu Chipata. Walemba motere:

"Akulu, ndinagula njinga ya magiya ya salaula, zija amati mountain bike, ya matayala a 26. Inabwera ndi tinyanga tiwiri kumapeto kwa handulo. Loweruka lililonse ndimapalasa ndi anzanga, mwina njira ya ku Chadiza, mwina ya ku Mfuwe, ndipo kamodzi pamwezi ndimapita nayo kumudzi kupitirira Mtenguleni. Anzangawo akundinena kuti nyangazi ndi zachikale, njinga zamakono zilibe, ndiponso akuti tsiku lina zidzandiboola pamimba. Koma ine ndikamakwera chitunda ndimaona ngati zikundithandiza. China ndi chakuti ndikapalasa nthawi yaitali, kachala kakumapeto ndi chala choyandikana nako zimachita dzanzi, makamaka kudzanja lamanja. Nyanga ya kumanzere nayonso yayamba kugwedera. Kodi ndizichotse? Nanga dzanzili, ndi nyangazi zikuliyambitsa?"

Achimwene, mtima ukhale m'malo. Njinga yanu ilibe mlandu, ndipo zimene thupi lanu likukuuzani pachitunda ndi zoona. Kwa munthu woyenda maulendo onga anuwa, pa njinga ya mtundu umenewo, ine ndikuti nyangazo zisiyeni. Koma ya kumanzereyo musaigwirenso kufikira itakonzedwa, pakuti pa zonse zimene mwalemba, chimene chingakugwetseni mawa lomwe ndi chimenecho. Ndakhala zaka zambiri ndikukonza njinga ndi kupalasa m'misewu yomwe mwatchulayi, ndipo funso lanu ndalimva kwa anthu ambiri ataimirira pambali pa njinga zawo, choncho ndiloleni ndiliyankhe mofatsa.

Ndiyambe ndi chinthu chimene mungachione lero mukangotuluka panja. Imani pamsewu wa ku Lundazi m'mawa, muone anthu obwera ndi matumba a makala, akabaza onyamula anthu, amayi opita ku Saturday Market ndi madengu a tomato pakaliyala. Ambiri ali pa njinga zija zakuda za handulo yopindikira kumbuyo, mtundu wa Eagle zimene zinkapangidwa pa fakitale ya Luangwa muno mu Chipata, kapena pa Buffalo. Yang'anani manja awo. Dzanja lakhala monga limakhalira pamene mukupereka moni, chala chachikulu kutsogolo, chikhatho chikuyang'ana m'kati. Umo ndi mmene dzanja la munthu limakhalira likamapumula. Tsitsani manja anu m'mbali muli chiimire, muona kuti zikhatho zikuyang'ana ntchafu. Tsono handulo ya mountain bike ndi yowongoka ngati mpini. Kuti muigwire, mumatembenuza mkono wonse, chikhatho chiyang'ane pansi, zigongono zitulukire kunja. Kagwiridwe kameneka n'kabwino kwambiri poongolera njinga pamiyala ndi pamitsetse, chifukwa kamakupatsani mphamvu yolimbana ndi tayala lakutsogolo likafuna kukhota lokha. Koma kukhala choncho maola atatu osasintha, thupi limadandaula. Nyanga zija ntchito yake yaikulu ndi kukubwezerani kagwiridwe ka moni kaja pa handulo yowongoka. Ndiye kuti chimene anzanu akuchitcha chachikale ndi nzeru yomwe agogo athu akhala akuyendera kuchokera ku Chiparamba kudzafika m'tauni.

Anzanuwo sakunama pamene akuti njinga zamakono zilibe nyanga. Chimene sakudziwa ndi chifukwa chake. Njinga za mtundu uwu zinayambira ku Marin County ku California, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1970, pamene anyamata ngati Gary Fisher, Joe Breeze ndi Charlie Kelly ankatsetsereka ndi njinga zakale zolemera m'misewu ya fumbi ya m'mapiri a kwawo. Mpikisano wawo wotchedwa Repack unayamba mu 1976. Pofika 1981 kampani ya Specialized inayamba kugulitsa Stumpjumper m'masitolo, mu 1990 kunachitika mpikisano woyamba wa dziko lonse wa njinga zoterezi wokonzedwa ndi UCI, bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga, ku Durango ku Colorado, ndipo mu 1996 masewerawa analowa mu Olympics ku Atlanta. M'zaka za m'ma 1990 zimenezo, handulo za njinga zampikisano zinali zowongoka ndi zopapatiza, pafupifupi masentimita 56 mpaka 58. Pa handulo yaifupi choncho munthu amasowa pokokera akamakwera phiri, ndiye nyanga zinafala kwambiri, moti akatswiri ambiri a nthawiyo ankathamanga nazo. Kenako njinga zinasintha. Handulo zinatalika kufika masentimita 72, ena mpaka 80, zinayamba kukwera pang'ono ndi kupindikira kumbuyo, matayala anakula kuchoka pa mainchesi 26 kufika 27.5 ndi 29, ndipo anthu anayamba kukonda tinjira topapatiza ta m'nkhalango totsetsereka kwambiri. Handulo yaitali imapereka yokha mphamvu imene nyanga zinkapereka, ndipo ukaiikanso nyanga imakola m'mitengo. N'chifukwa chake zinachepa. Koma njinga yanu ya matayala a 26 yochokera mu salaula iyenera kuti ndi ya m'badwo womwe uja wa handulo zopapatiza. Tengani tepi muyese handuloyo. Ikapezeka kuti siifika masentimita 62 kapena 64, dziwani kuti nyangazo zili pamalo pake. Ngakhale lero, anthu oyenda maulendo ataliatali panjinga, aja timawaona pa Great East Road atalemedwa ndi zikwama akulowera ku Mwami, ambiri amakhala nazo.

Za chitunda zimene mwanenazi, ndikufotokozereni chimene chikuchitika. Chipata wazunguliridwa ndi mapiri, ndipo aliyense amene anayesapo kukwera Kanjala panjinga amadziwa mmene tayala lakutsogolo limapepukira chitunda chikaima. Limayamba kuyandama, njinga n'kumapita uku ndi uku. Mukagwira nyanga, manja amapita kutsogolo masentimita angapo, chifuwa chimatsatira, ndipo kulemera kwanu kumapanikiza tayala lakutsogolo pansi. Mukaimirira pamapedulo ndiye phindu lake limaonekeratu, chifukwa mumatha kugwedeza njinga kumanja ndi kumanzere mukukoka ndi mkono wonse, monga mmene mumakokera chingwe cha ndowa pachitsime. Chifuwa chimatseguka, mpweya umalowa bwino. Njira ya ku Mfuwe popita imakunyengererani, pakuti mukutsikira kuchigwa cha Luangwa, koma pobwerera ndi pamene munthu amathokoza kuti ali ndi pogwira pachiwiri. Chimodzimodzi m'miyezi ya July ndi August mphepo ikamaomba kumaso pamsewu wa tala: mukagwira nyanga n'kupinda zigongono, msana umatsika ndipo mphepo imakupezani pang'ono.

Tsopano dzanzi. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi thupi lanu, ndipo chala sichigulidwa ku Down Shops ngati sipoko. Pali mtsempha umene umachokera m'khosi, n'kudutsa kuseri kwa chigongono, pamalo paja pamachita ngati magetsi mukagunda patebulo, n'kukalowa m'chikhatho chakumbali ya kachala kakumapeto. Madokotala amautcha ulnar nerve. Umenewu ndiwo umapereka kumva ku kachala kakumapeto ndi theka la chala choyandikana nako, zala zomwe mwatchulazo. Mukatsamira pa handulo yowongoka, mnofu wa m'munsi mwa chikhatho ndiwo umasenza thupi, ndipo mtsemphawo umapanikizika pakati pa fupa ndi chitsulo. Onjezanipo mabampu a msewu wa fumbi amene amagwedeza dzanja kosalekeza, dzanzi silingalephere kubwera. Kukanakhala kuti dzanzi lili pa chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, bwenzi tikunena za mtsempha wina wodutsa pakati pa mfundo ya dzanja, umene umapanikizika dzanja likapindikira kumbuyo kwambiri. Choncho nyanga sizimene zikuyambitsa vuto lanu. Kunena zoona, ndizo zingakuthandizeni, chifukwa mukamasintha pogwira mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu zilizonse, mtsemphawo umapuma. Kuti dzanja lamanja ndilo likuvutika kwambiri sizikundidabwitsa: ndilo limasintha magiya akumbuyo kawirikawiri, ndipo anthu ambiri akafuna kumwa madzi kapena kupukuta thukuta amachotsa dzanja limodzi lomwelo nthawi zonse, linalo n'kukhala chigwirire ulendo wonse. Dzionereni nokha Loweruka likubwerali kuti ndi dzanja liti limene silichoka pa handulo.

Koma musaganize kuti nyanga zokha zithetsa dzanzi ngati njingayo sinakukwaneni. Anthu ambiri amene amabwera kwa ine ndi dandaulo limeneli, ndikayang'ana chishalo ndimapeza mphuno yake yaweramira pansi. Amachiweramitsa pofuna kuti chisawapweteke, koma zotsatira zake thupi limatsetserekera kutsogolo ndipo manja ndiwo amakhala akulikankhira m'mbuyo ulendo wonse. Imikani njinga pamalo osalala, ikani kathabwa pamwamba pa chishalo, muone ngati chagona mofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Chikonzeni chimenecho choyamba, sichifuna ndalama. Kenako onani kutalika kwa handulo poyerekeza ndi chishalo. Njinga zambiri za m'ma 1990 zinapangidwa ndi khosi (chitsulo chimene chimagwira handulo pakati) lalitali lotsika, lokakamiza munthu kuwerama ngati wothamanga mpikisano. Ngati handulo ili m'munsi kwambiri mwa chishalo, pezani khosi lalifupi lokwera m'mwamba. Kwa okonza njinga akale m'misika simungalisowe. Zogwirira mabuleki nazo zitembenuzeni kuti mukatambasula zala, mkono ndi zalazo zikhale mzere umodzi wopanda kupindika pamfundo.

Chinthu china chimene ndimalimbana nacho tsiku ndi tsiku ndi mpweya wa m'matayala. Kuno tinazolowera kupopa mpaka tayala lilire ngati ng'oma, ndipo kwa wonyamula matumba atatu a chimanga pakaliyala n'zoyenera. Inu simunanyamule kanthu. Tayala lonenepa la mountain bike linapangidwa kuti lizimeza mabampu, ndipo mukalipopa ngati mwala mabampu onsewo amathera m'zikhatho zanu. Kwa munthu wa thupi lapakatikati pa msewu wa fumbi, mpweya wa pakati pa 30 ndi 40 psi (muyeso wa pa geji ya pampu) umakwana. Ngati pampu yanu ilibe geji, dinani ndi chala chachikulu mwamphamvu: tayala lilowe pang'ono, koma lisafike poti limu ingagunde mwala n'kuboola chubu. Mphira zogwirira zikatha n'kuuma, sinthani. Magolovesi okhala ndi kansalu kokhuthala pachikhatho amathandizanso. Ndipo phunzirani kugwira handulo mosafinya, zigongono zitapindika pang'ono. Wogwira mwamantha amatopa msanga kuposa wogwira momasuka.

Nanga za kuboola pamimba? Apa anzanu ali ndi mfundo, ndipo sindikufuna muipeputse. Ngozi ya nyanga ili paziwiri. Yoyamba ndi kukola. M'miyezi ya March ndi April udzu utatalika, tinjira ta m'minda ndi ta m'madimba timatsekeka ndi tsekera, zitsamba ndi mipanda. Nyanga ndi mbedza. Ikakola nthambi muli paliwiro, handulo imatembenuka nthawi yomweyo ndipo mumapezeka pansi musanadziwe chimene chachitika. Zinandionekera ndekha chaka china ndikudutsa m'kanjira ka pakati pa minda, chingwe cha mtengo chinakola nyanga ya kumanja, ndipo phewa linandivuta milungu ingapo. Kuyambira pamenepo, njinga imene ndimalowa nayo m'tchire ilibe nyanga, pamene ya maulendo a pamsewu ili nazo. Mukamapalasa mothithikana ndi anzanu, nyanga yanu ingakolenso handulo ya mnzanu kapena malaya ake, ndiye siyani mpata. M'tauni momwemo, pakati pa akabaza, ngolo ndi anthu oyenda pansi, manja akhale pa handulo penipeni.

Ngozi yachiwiri ndi yakuti dzanja likakhala panyanga, lili kutali ndi buleki. Kamphindi kamene mumataya pobweza dzanja n'kokwanira kugunda mbuzi imene yadumphira mumsewu, kapena mwana wothamangira mpira. Lamulo langa ndi losavuta: nyanga ndi za chitunda ndi msewu wautali woonekera patali. Potsetsereka, pamchenga, pamiyala, pokhota ndi podutsa m'mudzi, zala zikhale pa mabuleki.

Kuboola kwenikweniko kumachitika makamaka ndi zinthu ziwiri zimene ndimaziona kawirikawiri ndipo zimandidetsa nkhawa. Ena amatembenuza nyanga kuti ziloze kumwamba, ena mpaka kuzilozetsa kumbuyo kwa iwo eni, pofuna kukhala mowongoka chifukwa njinga yawatalikira. Munthu wotere akagwa chakutsogolo amagwera pa nsonga ziwiri zomudikirira. Ngati mukufuna kukhala mowongoka, sinthani khosi la handulo monga ndanenera. Chinanso ndi paipi yosatsekedwa kumapeto. Handulo kapena nyanga yopanda chotsekera ili ndi mlomo wakuthwa umene umadula mnofu mozungulira. Zotsekera zake ndi zotchipa, ndipo zikasowa semani kamtengo kolowa mothina, mukazunguze bwino kumapeto. Muchite zimenezi ngakhale pa njinga za ana kunyumba, chifukwa ana ndiwo amavulala kwambiri pamimba ndi handulo.

Tibwere ku nyanga yogwederayo. Handulo za mountain bike pafupifupi zonse zili ndi kunenepa kofanana pogwirira, mamilimita 22.2, ndipo nyanga imamangidwa pamenepo ndi bawuti imodzi ya Allen key, kawirikawiri ya nambala 4 kapena 5. Musangothamangira kumanga bawutiyo. Masulani, chotsani nyangayo, pukutani, muyang'ane kumapeto kwa handulo padzuwa. Mukaona kuti paipi yaphwanyika, yasiya kukhala yozungulira, kapena pali kamng'alu ngakhale kakang'ono ngati tsitsi, handuloyo yatha ntchito pamenepo. Gwiritsani maginito kuti mudziwe chimene muli nacho: ikamata ndi chitsulo, ikapanda kumata kawirikawiri ndi aluminiyamu kapena carbon. Chitsulo chimayamba chapindika chisanathyoke, koma aluminiyamu imangoduka osachenjeza. Handulo ya carbon musaimange nyanga pokhapokha opanga ake atalola, chifukwa imasweka ikafinyidwa pamphepete. Yang'ananinso nyangayo payokha. Ngati milomo iwiri ya pomangira yakumana kale koma ikuzungulirabe, kapena mazinga a bawuti adyeka, itayeni. Ndikudziwa kuti ambiri amadula kachitini n'kulowetsa pakati kuti igwire. Pa belu kapena pa nyale zimenezo zilibe vuto, koma nyanga imasenza thupi lanu lonse mukaimirira pachitunda, ndipo ikatembenuka nthawi imeneyo nkhope imakafika pa handulo. Musalolenso kuti wina akuwotchereni nyanga za paipi ya madzi kapena za chitsulo chomangira nyumba. Moto umafooketsa handulo, ndipo chowotcherera sichingasinthidwe kapena kuchotsedwa.

Zonse zikakhala bwino, kumanga kwake ndi motere. Sunthirani mphira, buleki ndi chosinthira magiya m'kati pafupifupi masentimita awiri, kuti pomangira nyanga pagwire handulo ponse, osati theka. Nyanga zambiri zimagwedera chifukwa zinangolumidwa pamphepete. Zilozeni kutsogolo, zitadzuka pang'ono kuchokera pogona, pakati pa madigiri 15 ndi 45. Njira yabwino yopezera malo ake ndi kuimirira pamapedulo wina atakugwirirani njinga, n'kugwira nyangazo: pamene mfundo ya dzanja yawongoka osapindikira m'mwamba kapena pansi, mangani pomwepo. Zonse ziwiri zifanane. Pa nyanga zina pamalembedwa mphamvu yomangira, kawirikawiri pafupi ndi 5 Nm, kutanthauza kumanga kolimba ndi dzanja limodzi pa Allen key yaifupi, popanda kuwonjezera paipi. Mukatha, tsamirani ndi thupi lonse njinga itaima. Ikasuntha ngakhale pang'ono, musakwere.

Mukafuna kugula zina, sankhani zazifupi, zongokwana chikhatho, kapena zopindikira m'kati kumapeto, chifukwa sizikola msanga ngati zazitali zowongoka. Kuli mphira zina, monga za kampani ya Ergon, zokhala ndi phiko lotambalala posanjika chikhatho ndi kanyanga kakafupi pamodzi. Kwa munthu wa dzanzi ngati lanu zimenezo ndimazikonda kwambiri, ndipo nthawi zina zimapezeka pa njinga za salaula zomwezi. Kulinso tinyanga tina timene timamangidwa m'kati, pakati pa mphira ndi buleki, kotero kuti sitikola m'zitsamba ndipo chala chimakhala pafupi ndi buleki. Ena amatenga nyanga wamba zazifupi n'kuzimanga m'kati momwemo. Zimatheka ngati sizikutsekereza buleki kapena magiya, ngakhale pokwera chitunda choimirira sizipereka mphamvu ngati za kumapeto.

Za kuchipatala ndinene momveka. Dzanzi limene limatha pakapita mphindi zochepa mutatsika panjinga ndi chenjezo chabe, ndipo likhoza kutha mukakonza chishalo, mpweya ndi kagwiridwe. Yesani milungu itatu kapena inayi, mukuchepetsako kutalika kwa maulendo. Koma dzanzi likagona mpaka mawa lake, likamakudzutsani usiku, kapena mukaona kuti zala zafooka, mukulephera kumanga batani la malaya, kutembenuza kiyi, kukanya nsima, kapena kachala kakumapeto kayamba kupindika kokha, imikani njinga mupite ku kiliniki, ndipo akaona kuti n'kofunika akutumizani ku Chipata Central Hospital. Mtsempha ukapanikizika nthawi yaitali umachedwa kuchira, mwina miyezi. Dzanzi likakhala m'manja monse ndi kumapazi komwe, kapena likamatsika kuchokera m'khosi ndi ululu, chifukwa chake chingakhale china osati njinga: matenda a shuga amachita zimenezo, mankhwala ena monga a TB nawonso amatero, choncho kayezetseni ndipo muwauze adokotala mankhwala alionse amene mukumwa.

Ndipo inu kapena mnzanu wina akadzagwa n'kugundidwa ndi handulo kapena nyanga pamimba kapena m'nthiti, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale kunja kukungooneka kachizindikiro kozungulira kokha. Kapamba, chiwindi kapena matumbo zimatha kuvulala m'kati munthu akuyenda bwinobwino, ululu n'kudzakula patapita maola. Kusanza, chizungulire, mimba kuuma kapena ululu wofika paphewa ndi zizindikiro zosafunika kudikira kuti kuche. Uthenga umenewu mukawauze anzanu onse a Loweruka aja, okhala ndi nyanga ndi opanda nyanga omwe, ndipo musanayambe ulendo wotsatira muyendere njinga zawo imodziimodzi kuona ngati handulo iliyonse ili ndi zotsekera kumapeto.